Anadutsamo, inde, koma aphunzire kaye

Anthu amene anasiya mowa kapena mankhwala ozunguza bongo amapsa mtima akamva kuti asanalembedwe ntchito yothandiza anzawo ayenera kulowa m'kalasi, kulemba mayeso ndi kulandira satifiketi. Umawamva akuti: "Ine ndinagona m'ngalande, ndinagulitsa katundu yense wa m'nyumba, ndinatsala pang'ono kufa, lero ndine pano. Ndiye munthu amene sanalawepo n'kamodzi komwe andiyese mayeso a chiyani?" Amene anagonekedwapo m'chipatala ndi matenda a maganizo n'kupeza bwino amadandaulanso chimodzimodzi. Mkwiyo wawo ndimaumvetsa, komabe ine ndikuti alowe ndithu m'kalasimo. Satifiketi siingayeze kuti munthu anavutika bwanji kapena wachira kufika pati, ndipo ikayamba kuyeza zimenezo ndiye kuti yasokera. Phindu lake lili poti munthu amene anapulumukira njira imodzi amaphunzira kuti pali njira zinanso, komanso amadziwa pamene nzeru zake zathera kuti aitane ena.

Timvetsetsane kaye za munthu amene tikunenayu. Si dokotala, si namwino, si phungu. Sayeza matenda ndipo salemba mankhwala. Chimene amabwera nacho ndi moyo wake womwe: anadwalapo kapena anakodwapo mu uchidakwa, ndipo amanena zimenezi poyera. Amakhala pansi ndi munthu amene wangotuluka m'chipatala, amamuperekeza kukaonana ndi dokotala, amamuthandiza kulemba zizindikiro zoti zinthu zayambanso kusokonekera ndi zoyenera kuchita zikatero, amamulumikiza ndi magulu a anzake, ndipo amamulankhulira pamene mawu ake sakumveka. Wodwala akati "inu simungamvetse", mthandiziyu yekha ndiye angayankhe kuti "ndikumvetsa" popanda kunama.

Ntchitoyi ndi yakale kuposa mapepala ake. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, pa chipatala cha Bicêtre pafupi ndi mzinda wa Paris, woyang'anira chigawo cha odwala matenda a maganizo, Jean-Baptiste Pussin, ankakonda kulemba ntchito anthu amene anagonekedwapo pachipatalapo n'kuchira, poona kuti iwo sankachitira odwala nkhanza ngati antchito ena. Mu 1935, ku Akron m'chigawo cha Ohio ku America, Bill Wilson, amene anali atasiya mowa miyezi yochepa chabe, chibaba chinamugwira ali paulendo. Anafunafuna chidakwa chinzake choti acheze nacho kuti iye mwini asamwe, ndipo anapeza dokotala wina dzina lake Bob Smith. Macheza a anthu awiriwa ndiwo anabala gulu la Alcoholics Anonymous, la zidakwa zothandizana kusiya mowa. Panalibe kalasi, panalibe mayeso. Mwini chipatala china ku New York atapempha Wilson kuti azigwira ntchito yomweyo molandira malipiro, anzake a m'gululo sanagwirizane nazo ndipo iye anawamvera. Mpaka lero gululi limati thandizo la chidakwa kwa chidakwa chinzake siligulitsidwa. Choncho amene amakayikira masatifiketi sakubwebweta, ali ndi mbiri yowaikira kumbuyo.

Kungoti zinthu ziwirizi n'zosiyana. M'gulu ngati limenelo munthu amapita yekha, amamvetsera anthu ambiri, amasankha yekha womuyenda naye, ndipo akaona kuti sakugwirizana amamusiya n'kupeza wina. Mthandizi wolembedwa ntchito amachita kutumizidwa. Amafika pa bedi la munthu amene dzulo lomweli anayesa kudzipha, kapena amene wangotsitsimuka atamwa mankhwala opitirira muyezo, ndipo amafika atavala chizindikiro cha chipatala kapena cha bungwe. Wodwalayo sanamusankhe, alibe mphamvu zomukana, ndipo chilichonse chimene amve achitenga ngati chachokera kuchipatala komweko. Pamenepa mtima wabwino wokha sukwanira.

Chimene chimandiopsa kwambiri mwa munthu amene anachira ndi chikhulupiriro chake choti zimene zinamuthandiza iye zithandizanso aliyense. Si kudzikuza ayi, n'chikondi ndithu, koma chingathe kupha. Taganizani za munthu amene anasiya mowa tsiku limodzi, anangodzuka n'kunena kuti basi, ndipo zinatheka. Akakumana ndi mnzake amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, amuuza kuti limba mtima, taya mabotolo onse lero lomwe. Iye sakudziwa kuti thupi lozolowera mowa chotere likaumanidwa mwadzidzidzi, munthu amatha kuyamba kunjenjemera ndi kukomoka ngati wa khunyu pasanathe masiku awiri, ndipo pofika tsiku lachitatu kapena lachinayi ena amasokonezeka mutu, amaona zinthu zomwe palibe, mtima umathamanga, mpaka kufa kumene ngati sathandizidwa kuchipatala. Mwayi umene iye anali nawo wausandutsa malangizo.

Chimodzimodzi amene anasiya mankhwala ozunguza bongo a heroin popanda mankhwala alionse akuchipatala. Kawirikawiri amanyoza methadone ndi buprenorphine, mankhwala amene madokotala amapatsa anthu ofuna kusiya heroin, amati kumeneko n'kungosintha chizolowezi china ndi chinzake. Chonsecho kafukufuku wa m'mayiko ambiri akuonetsa kuti anthu amene akulandira mankhwalawa chiopsezo chawo cha imfa chimatsika pafupifupi ndi theka. Ayeneranso kudziwa kuti munthu akakhala milungu ingapo osagwiritsa ntchito heroin, monga akakhala m'ndende kapena kumalo othandizira anthu kusiya, thupi limaiwala, ndipo mlingo umene ankaupirira kale ukhoza kumupha akaubwerera. N'chifukwa chake masiku oyambirira munthu atangotuluka ndiwo oopsa kwambiri, nthawi yomwe achibale akusangalala kuti wachira. Mthandizi wophunzitsidwa amadziwa zimenezi, amazinena mosapita m'mbali, ndipo amadziwa kagwiritsidwe ntchito ka naloxone, mankhwala amene amatsitsimutsa munthu amene wasiya kupuma chifukwa cha heroin ndi anzake. Kumbali ya matenda a maganizo kulinso wina amene anasiya mapiritsi ake n'kukhala bwinobwino, ndiye amanong'oneza mnzake kuti iwenso siya, akungokufooketsa. Mwina iye zinamuyendera. Mnzakeyo akasiya mwadzidzidzi matenda angabwerere mwamphamvu kuposa kale. Mthandizi ali ndi ufulu wonse wothandiza munthu kukauza dokotala kuti mankhwala akumulemetsa thupi kapena akumugonetsa usana wonse, ndi kuumirira kuti amveke. Kumuuza kuti asiye, si zake.

Ndipo njira sizisiyana pa mankhwala pokha. Wina anapulumukira m'mapemphero, wina anachira atachoka m'gulu lachipembedzo limene linkamuuza kuti kudwala kwake ndi tchimo. Wina anasiyiratu, wina akuchepetsa pang'onopang'ono ndipo pakadali pano chimene angakwanitse n'kusabwerekana jakisoni. Onsewa adzafika pamaso pa mthandizi mmodzi yemweyo. M'kalasi yabwino munthu amakhala moyandikana ndi anzake amene anachira m'njira zimene iye ankaziona ngati zabodza, ndipo amakakamizika kuwamvetsera mpaka amalize. Kwa ine phunziro lalikulu ndi limeneli, loposa zonse zolembedwa m'mabuku a maphunzirowo.

Palinso luso lofotokoza mbiri yako, limene anthu amaganiza kuti limabwera lokha. Silibwera lokha. Wosaphunzitsidwa akapatsidwa mpata amasimba zonse kuyambira pachiyambi, ola lonse n'kutha wodwala asanatsegule pakamwa. Ena amasandutsa mpikisano: zakozo n'zochepa, ukanaona zanga. Ena amafotokoza mwatsatanetsatane mmene ankaphikira mankhwala ndi mmene ankamvera kukoma, osazindikira kuti akudzutsa chibaba mwa womverayo. Wophunzitsidwa amatola kachigawo kakang'ono kamene mnzakeyo akukafuna lero, n'kukhala chete. Amaphunziranso kufunsa funso limene ambiri timaliopa, lakuti "kodi ukuganiza zodzipha?", mosazungulira, chifukwa kafukufuku anaonetsa kuti kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu. Amanena pa tsiku loyamba kuti chinsinsi chidzasungidwa, kupatula ngati moyo wa wina uli pachiswe, kuti tsiku limene adzaitane thandizo lisadzaoneke ngati kupereka mnzake. Kenaka pali timafunso ta tsiku ndi tsiku timene timagwetsa anthu abwino: akandipempha ngongole ndimupatse? Akaimba foni pakati pa usiku kachitatu sabata imodzi nditani? Nanga ngati ndayamba kumukonda? Nanga ngati munthu amene anditumizira ndi yemwe ndinkamwa naye kale? Kudutsa m'mavuto sikuyankha mafunso amenewa, mwinanso kumawakulitsa, chifukwa amene anavutikapo zimamuvuta kukana.

Masatifiketi enieni anayambira ku America, ndipo chimene chinawabweretsa, tisanamizane, ndi ndalama. Chigawo cha Georgia chinali choyamba kulola kuti ntchito ya athandiziwa izilipiridwa kudzera mu Medicaid, thumba la boma lolipirira chithandizo cha anthu osauka, ndipo mu 2001 chinayamba kupereka masatifiketi. Mu 2007 nthambi ya boma yoyang'anira thumbali inalembera zigawo zonse kuti nazo zikhoza kutero, pokhapokha athandiziwo akhale ophunzitsidwa, ovomerezeka, okhala ndi owayang'anira, ndipo ntchito yawo ilumikizane ndi chithandizo china chimene wodwala akulandira. Lero pafupifupi zigawo zonse 50 zili ndi dongosolo lake. Bungwe la IC&RC, limene mayeso ake amagwiritsidwa ntchito m'madera ambiri, limafuna maola 46 a maphunziro, ndipo 16 mwa maolawo ndi a khalidwe ndi malire a ntchito, gawo lalikulu kuposa ena onse. Pamwamba pake limafuna maola 500 a ntchito yeniyeni ndi maola 25 okhala ndi woyang'anira. Mayiko ena nawo anatsatira m'njira zawozawo: ku England athandizi otere amalembedwa ntchito m'zipatala za boma za NHS, ndipo ku Uganda chipatala cha Butabika mumzinda wa Kampala chakhala chikuphunzitsa anthu amene anagonekedwapo pomwepo kuti aziyendera anzawo akatuluka. Kufunika kwake n'kosachita kufunsa. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 970 miliyoni anali ndi vuto la maganizo ndipo mowa unapha anthu 2.6 miliyoni, pamene m'mayiko osauka ogwira ntchito za matenda a maganizo sakwana awiri pa anthu 100,000 alionse, poyerekeza ndi oposa 60 m'mayiko olemera.

Kodi zimathandizadi? Apa tisakokomeze. Kafukufuku wa ku England amene anatuluka mu 2018 anatsatira anthu oposa 400 amene anali atangothandizidwa pa vuto ladzidzidzi la maganizo. Mwa amene anapatsidwa mthandizi, 29 pa 100 alionse anafunikanso chithandizo chadzidzidzi chaka chisanathe, pamene mwa enawo anali 38. Koma kafukufuku wina wa ku England komweko, wotchedwa ENRICH, amene anatuluka mu 2022 ndipo anakhudza anthu pafupifupi 600 otuluka m'chipatala, sanapeze kusiyana kooneka pa chiwerengero cha ogonekedwanso. Akatswiri akaphatikiza zofufuza zambiri, chimene chimaonekera mobwerezabwereza n'choti anthu amakhala ndi chiyembekezo, amadzimva kuti ali ndi mphamvu pa moyo wawo, pamene zizindikiro za matendawo sizisintha kwenikweni. Ena amaona ngati zimenezi n'zochepa. Ine sindiona choncho, chifukwa munthu wopanda chiyembekezo sabwereranso kuchipatala tsiku limene anamuuza. Koma aliyense amene akugulitsa ntchitoyi kwa akuluakulu a zaumoyo ngati njira yotchipa yochepetsera odwala m'mawodi akulonjeza zimene umboni sunatsimikize, ndipo zikadzalephereka adzadzudzulidwa ndi athandizi omwewo, osati iye.

Tsono mavuto a satifiketi alipo, ndipo amene timaiikira kumbuyo tisawabise. Loyamba lili pakhomo polowera. Madongosolo ena amakana munthu amene anamangidwapo. Koma kodi munthu amene wakhala zaka zambiri akugwiritsa ntchito mankhwala oletsedwa ndi lamulo, n'zodabwitsa kuti analowapo m'ndende? Ndipo amene akutuluka m'ndende mawa, pa nthawi yoopsa ija, angamve za ndani kuposa amene anatulukamo kale? Ena amafuna satifiketi ya sekondale kwa anthu amene matenda anawachotsa pasukulu ali achichepere. Kuli ndalama za maphunziro, za mayeso, zokonzetsanso satifiketi ikatha nthawi. Maola 500 aja ndi miyezi itatu yathunthu ya ntchito, ndipo nthawi zambiri munthu amawagwira osalipidwa. Amene angakwanitse zonsezi ndi amene ali ndi achibale omugwira mkono, kutanthauza kuti sefa imeneyi imasiya kunja anthu amene amafanana kwambiri ndi ofuna thandizowo. Bungwe la boma la America loona za nkhanizi, SAMHSA, linavomereza vutoli mu 2023 pamene linatulutsa miyezo yachitsanzo: maphunziro akhale a maola 40 mpaka 60, ntchito yoyeserera isapitirire maola 120, m'malo mofuna mapepala a sukulu aone ngati munthu amatha kuwerenga ndi kulemba m'chinenero chimene adzagwiritse ntchito, ndipo asakakamize njira imodzi yochirira. Milandu ina, monga yogwirira kapena yozunza ana, iyenera ndithu kutsekera munthu ntchito zina. Koma kupezeka ndi chamba zaka khumi zapitazo si chifukwa.

Pa lamulo loti munthu akhale atatha chaka kapena zaka ziwiri osamwa asanalembetse, mtima wanga uli pawiri. Munthu amene wasiya milungu itatu yapitayo asasenze mavuto a ena, akadali ndi ake. Koma kalendala payokha siuza zambiri. Alipo a zaka zisanu amene akadali ndi ukali wosaneneka kwa aliyense amene akumwabe, ndipo alipo a miyezi khumi amene ali okhazikika ndi odziwa pothawira zikavuta. Kucheza naye mozama munthuyo kungaulule zambiri kuposa kuwerenga miyezi.

Vuto lachiwiri limayamba satifiketi ikapezeka. Chipatala chimene chilibe antchito okwanira chikalandira munthu wotereyu chimamuona ngati manja owonjezera. Lero ayendetse galimoto, mawa adzaze mafomu, mkuja aonetsetse kuti wodwala wameza mapiritsi, kenaka aimirire pakhomo la chimbudzi pamene wina akupereka mkodzo woti akauyeze ngati muli mankhwala. Tsiku limene mthandizi wasanduka mlonda, palibenso amene adzamuuze zoona, ndipo chinthu chokhacho chimene anamulembera ntchito chatha. Ena amayamba okha kulankhula ngati madokotala, kutchula anthu ndi mayina a matenda awo, pofuna kuti anzawo a pantchito awalemekeze. Sindiwaimba mlandu kwambiri: kawirikawiri ndiwo amalandira malipiro otsikitsitsa pagulu lonse, ndipo m'chipinda chodyera amamva anamwino akuseka odwala amene ali ndi matenda omwe iwonso ali nawo. N'chifukwa chake ndimati satifiketi imange mbali ziwiri. Bungwe lisaloledwe kulemba mthandizi ngati silinalembe pansi zimene adzachite ndi zimene sadzachita, ngati silinaphunzitse antchito ake ena za udindo wake, ndiponso ngati lilibe womuyang'anira amene amaimvetsa ntchitoyi, makamaka mthandizi mnzake wakalekale. Kulemba mthandizi mmodzi yekha pakati pa madokotala ndi anamwino makumi atatu n'kumuponya m'madzi.

Chimene sichikambidwa mokwanira n'chakuti mthandizi naye akhoza kugwa. Bungwe la NIDA ku America, lofufuza za mankhwala ozunguza bongo, limati mwa anthu 100 alionse amene alandira chithandizo cha uchidakwa kapena mankhwala ozunguza bongo, 40 mpaka 60 amayambiranso nthawi ina. Matenda ambiri a maganizo nawo amapita n'kubwera. Ndipo munthu uyu tamuika pa ntchito yomva tsiku lililonse nkhani zofanana ndi zimene zinatsala pang'ono kumupha, ndi kupita kumaliro a anthu amene ankawathandiza. Namwino wodwala shuga akadwalika amapita kutchuthi, akapeza bwino n'kubwerera pantchito yake, palibe amene amamulanda satifiketi. Mthandizi akadziwa kuti kumwa kamodzi kumutayitsa ntchito ndi pepala lomwe, adzabisa. Adzapitiriza kuyendera anthu akumwa mobisa, akuwauza za kuchira, mpaka tsiku limene zidzaululike mochititsa manyazi, mwinanso mpaka atafa yekha m'chipinda chifukwa anaopa kuuza aliyense. Lamulo lokhwimalo, limene analiika kuti liteteze odwala, ndilo lawaika pachiswe.

Sindikunena kuti munthu amene wayambiranso apitirize kuona odwala ngati palibe chachitika. Aime kaye. Koma kuimako kukhale ndi njira yodziwika, yolembedwa asanayambe n'komwe ntchito: auza ndani, anthu amene amawathandiza apita kwa yani, malipiro ake atani pa nthawi imene akulandira chithandizo, ndipo ndani adzagamule kuti wakonzeka kubwerera. Munthu amene wagwa n'kudzukanso ali ndi satifiketi m'manja amabwerera akudziwa chinthu chimene ambiri mwa amene akuwathandiza akuchiopa usiku uliwonse, ndipo akhoza kuwauza mmene anachitira.

Choncho ngati munadutsamo ndipo mukuganiza zolembetsa, lembetsani. Koma musanapereke ndalama, funsani ngati satifiketiyo imavomerezedwa kumene mukufuna kukagwira ntchito, chifukwa ambiri amagwira m'chigawo kapena m'dziko limene anaperekedwa basi, ndipo pa intaneti padzaza maphunziro a masiku awiri amene palibe wolemba ntchito amawadziwa. Funsani ngati ophunzitsawo nawonso anadutsamo. Ganizirani bwino ngati mwakonzeka kuti mbiri imene ena amaibisa moyo wonse ikhale dzina la ntchito yanu, lodziwika kwa aliyense wowerenga chizindikiro cha pachifuwa panu, chifukwa mukaiulula siibwereranso m'thumba. Ndipo tsiku limene adzakuitaneni kukakufunsani mafunso a ntchito, akamaliza iwo, mufunse inunso kuti mthandizi womaliza amene anadwala ali pantchito anamuchita chiyani.